Kukalandira nyumba yoyenda pa boda ya Mchinji

Lolemba, kuchokera ku Kasungu mpaka ku Chipata

Tanyamuka pa depoti ya Kasungu kusanache, mphepo ya July ikulowa mpaka m'mafupa. Tilipo awiri, wina dalaivala, wina wa zamagetsi a galimoto. Ntchito yathu ndi yokalandira motorhome imene mkulu wina wa kwathu kuno wagula ku UK kuti azibwereketsa alendo opita ku Lifupa, m'nkhalango ya nyama ya Kasungu. Kwa amene sanaionepo, ndi galimoto yokhala ndi bedi, khitchini, firiji ndi chimbudzi mkati momwemo. Inatsika m'sitima ku Walvis Bay, ku Namibia, ndipo a thiransipoti aiyendetsa kudzera ku Katima Mulilo, Livingstone ndi Lusaka. Tikakumana nawo ku Chipata kuti tiione bwino isanalowe m'dziko muno, chifukwa chinthu ukachilipirira kale msonkho, kudandaula kumakhala kochedwa.

Minibasi yadzaza dzuwa litatuluka kale. Tadutsa Santhe ndi Kapiri titapanikizana ndi matumba a mtedza, kenako tasintha galimoto pa Kamwendo. Kuchokera pa boma la Mchinji kukafika pa boda ndi makilomita pafupifupi 12, ndipo matakisi ake sanyamuka mpando wakutsogolo usanakhale anthu awiri. M'chikwama tanyamula multimeter yoyezera magetsi, choyezera mpweya wa matayala, tochi, tepi yoyezera, botolo la madzi a sopo ndi fayilo ya mapepala.

Masiku ano boda ya Mchinji ndi Mwami imagwira ntchito ngati malo amodzi. Maofesala a maiko onse awiri amapezeka pamalo amodzi, ndiye munthu suyendanso kawiri monga kale. Anyamata osintha ndalama atizungulira tisanatsike n'komwe. Tasintha zochepa zongokwanira chakudya ndi pogona, tawerenga kawiri tisanapereke zathu.

Lachiwiri, Chipata

Taipeza itaima kuseri kwa malo ogona alendo, fumbi lili mbuu mpaka padenga. Ndi Fiat Ducato ya dizilo, chiwongolero chili kumanja. Kumeneko ndiko kukoma kogula ku UK kapena ku South Africa: iwo amayenda kumanzere ngati ife, ndiye nyali zakutsogolo zikadipa zimaweramira kumanzere, ndipo chitseko cha nyumbayo chimatsegukira m'mphepete mwa msewu. Yochokera ku Germany kapena ku America nyali zake zimaponya kuwala m'maso mwa wobwera kutsogolo, chitseko chake chimatsitsira ana pakati pa msewu. Kumata tepi pagalasi la nyali kumangothandiza paulendo umodzi. Galimoto yoti ikhazikike kuno imafunika kusinthidwa nyali zonse ziwiri.

Tayamba ndi nambala ya chasisi. Imakhala ndi zilembo ndi manambala 17, ndipo simupezamo I, O kapena Q chifukwa zimasokonekera ndi 1 ndi 0. Wina amawerenga mokweza pachitsulo pomwe inadindidwa, wina amatsatira ndi chala papepala: V5C, limene ndi buku la galimoto la ku UK, kenako invoyisi, kenako bill of lading, chikalata cha katundu cha a sitima, kenako mapepala a transit, olola galimoto kungodutsa m'dziko. Pa V5C zonse zili bwino. Pa invoyisi ya wogulitsa, pamene pachitsulo pali 8, iwo analemba B. Takumbukira kuti tsiku lina tinaonapo galimoto itakhala pa boda sabata yathunthu chifukwa cha chilembo chimodzi chotere. Taimbira mwini wake nthawi yomweyo kuti auze wogulitsa atumize invoyisi yokonzedwa.

Motorhome imakhala ndi mapleti awiri, nthawi zina atatu, chifukwa imapangidwa ndi makampani oposa imodzi. Fiat inapanga injini, kutsogolo ndi chasisi, kampani ina inamangapo nyumba n'kumata pleti yakeyake. Kulemera kumene muyenera kutsatira ndi kwa pleti yomalizayi. Yathu yalemba manambala anayi. Yoyamba ndi 3500, kutanthauza makilogalamu amene galimoto yonse isapitirire itanyamula anthu ndi katundu. Yachiwiri ndi ya galimoto pamodzi ndi ngolo. Yachitatu, 1850, ndi ya ekiselo yakutsogolo, ndipo yachinayi, 2000, ndi ya yakumbuyo. Nambala yoyambayo ikukhudzanso laisensi: B imathera pa makilogalamu 3,500, kupitirira apo pafunika C1. Wokoka kalavani yolemera kuposa makilogalamu 750 afunika EB.

Matayala atikhumudwitsa. Mapanda ake ndi akuya, ongooneka ngati atsopano, koma pambali, kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT, pali 2315. Ndiye kuti anapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2015. Galimoto zamtunduwu zimaima miyezi yambiri osayenda, choncho tayala limakalamba lisanathe. Titawalitsa tochi pakati pa mapanda taona timing'alu tating'ono ngati chidendene cha m'chilimwe. Tayala lotere likatentha pa phula litasenza katundu limaphulika, ndipo lakumbuyo likaphulika limang'amba pansi pa nyumba pomwe pamadutsa mapaipi ndi mawaya. Saizi yake ndi 215/70 R15 CP 109. Nambala 109 ikutanthauza kuti tayala limodzi limasenza makilogalamu 1,030, awiri 2,060, pamene ekiselo yakumbuyo ikuloledwa 2,000. Mpata ndi wochepa kwambiri, ndiye tayala la nambala yotsikirapo lisayerekeze kulowapo, ngakhale wogulitsa alumbire kuti saizi ndi yomweyo. A CP, omwe ndi opangidwira motorhome, sitinawapeze m'tauni muno. Tagula a C, a maveni onyamula katundu, a 109 yomweyo, asanu pamodzi ndi la sipeya, ndipo mpweya tidzatsatira mlingo wolembedwa pa tayala latsopanolo, osati wa CP umene kumbuyo umafika mabaa 5.5.

Madzulo dalaivala wa thiransipoti watitengera kwa mayi wina wophika kuseri kwa msika. Nsima, nkhuku ya lokolo ndi chibwabwa chotendera, chimene kwathu timati nkhwani. Atamva kuti tachokera ku Kasungu watiwonjezera mtanda umodziumodzi, akuti agogo ake anachokera kwa Chulu.

Lachitatu, Mwami ndi Mchinji

Tisananyamuke tayala pansi zonse zimene apolisi a pamsewu amafunsa mbali zonse ziwiri: mathirayango awiri, chozimira moto, ndi zonyezimira, zoyera kutsogolo, zofiira kumbuyo. Galimoto za ku UK zambiri zimabwera zopanda zoyera zakutsogolo, ndiye tagula tepi yake n'kumata pa bampala. Chozimira moto chimene chinabwera ndi galimotoyi singano yake inali itatsika pansi pa malo obiriwira. Tagula china cha ufa, cha makilogalamu 2, ndipo tachimangirira pafupi ndi chitseko, osati pansi pa bedi pomwe chakalecho chinali. Cha ufa chimafuna kuchitembenuza ndi kuchigwedeza nthawi ndi nthawi, chifukwa ufawo umaumbika ndi kugwedezeka kwa msewu.

Inshulansi ya m'dziko limodzi sigwira ntchito m'dziko lina pokhapokha ngati muli ndi Yellow Card ya COMESA, imene Malawi ndi Zambia onse amaivomereza. Iyo imalipira anthu ena amene mungawapweteke, osati galimoto yanu. Popeza yathuyi ikudzakhazikika kuno, tadula inshulansi ya m'dziko muno pa boda pomwepo.

Kumbali ya ZRA, bungwe la msonkho la Zambia, ntchito inali yotseka transit, kusonyeza kuti galimoto yatulukadi mu Zambia nthawi imene inapatsidwa isanathe. Dalaivala wa thiransipoti wasainitsa, tajambula pepalalo pa foni, tatsanzikana. Kumbali ya MRA zonse zimadutsa mwa ejenti wovomerezeka, amene amalowetsa deklaleshoni mu ASYCUDA, kompyuta ya a kasitomu, pa TPIN, nambala ya msonkho ya mwini galimoto. Ejenti wathu, bambo wachikulire wodekha, wangoyang'ana invoyisi ija n'kupukusa mutu. "Achimwene, ndi B uyu sindingalowetse. Tikalowetsa lero, mawa mudzavutika ku Road Traffic, ndipo kukonza zimene zalowa kale m'kompyuta n'kowawa kuposa kudikira." Sitinatsutse.

Galimoto yagona mkati mwa mpanda wa boda. Ife tapeza chipinda pa boma.

Lachinayi, Mchinji

Tsiku lodikira. Imelo ya wogulitsa sinafike, akuti amene amasaina sali mu ofesi. Takhala pa benchi kunja kwa ofesi ya ejenti tikutafuna mtedza wokazinga, mathiraki akulowa ndi kutuluka.

Mpata umenewu ejenti watifotokozera zimene anthu ambiri amapunthwa nazo. M'buku la msonkho la maiko onse, motorhome imagwera pa mutu 8703 pamodzi ndi galimoto zonyamula anthu, pamene kalavani yokoka ili pa 8716. Wina amaganiza kuti poti chasisi ndi ya veni, ailembetse ngati galimoto ya katundu kuti msonkho utsike. Ofesala akatsegula chitseko n'kuona bedi ndi sitovu, nkhaniyo imasanduka yonama pa deklaleshoni, ndipo pamabwera chindapusa. Mtengo wowerengera msonkho si wa pa invoyisi wokha ayi, amaphatikizapo ndalama ya sitima ndi inshulansi ya paulendo. Pamwamba pake pamabwera dyute, excise ndi VAT, ndipo kukula kwa injini ndi zaka za galimoto zimasintha chiwerengerocho kwambiri. Wanzeru amafunsa ejenti kapena a MRA kuti amuwerengere asanatumize ndalama ku UK. Katundu amene wabwera mkati, monga TV, jenereta, njinga kapena masola osamangirira, alembedwe payekha pa mndandanda.

Palinso njira ina imene ena amanyengedwa nayo, ya chilolezo cha kanthawi chotchedwa TIP. Chimenechi ndi cha mlendo wobwera ndi galimoto yake yolembetsedwa kwawo, amene adzatuluka nayo nthawi ikakwana. Alendo ena amayenda ndi Carnet de Passages pa cholinga chomwecho. Galimoto yolowa mwanjira imeneyi siyoti igulitsidwe kapena kuchitira bizinesi yobwereketsa kuno.

Masana tapempha chilolezo cholowa mu mpanda kuti tipitirize kuyang'ana zimene zingaoneke galimoto ili chiimire. Mabedi alipo a anthu anayi. Mipando ya malamba iliponso inayi, iwiri kutsogolo, iwiri kumbuyo yoyang'ana kutsogolo, ndipo V5C ikunena chimodzimodzi. Izi zimafunika kuwerenga, chifukwa zilipo za mabedi sikisi koma malamba awiri okha. Benchi yoyang'ana chammbali yopanda lamba si mpando wa paulendo, bedinso ayi. Buleki yadzidzidzi imaponya munthu kukagunda kabati. Tagwada kuyang'ana mabawuti a malamba pansi, tawapeza ali pa felemu yachitsulo, osati pa thabwa. Takoka lamba aliyense mwamphamvu, onse akugwira.

Mafuta a buleki ndi akuda ngati tiyi wopanda mkaka. Mafuta amenewa, a mtundu wa DOT 4, amayamwa chinyezi, ndipo madziwo akawira pa chitsikiro chachitali pedulo imalowa pansi popanda kugwira. Amafunika kusintha zaka ziwiri zilizonse. Talemba kuti tisinthe tisanayende mtunda wautali. Tayeza kutalika ndi tepi kuyambira pansi mpaka pa chivundikiro cha padenga: mamita 2.95. M'lifupi, osawerenga magalasi, 2.3. Talemba manambalawa pa kapepala n'kumata pa deshibodi. Pambali pake tawonjezera kuti 50 ya pa chikwangwani ndi 31 pa sipidomita, 80 ndi 50, chifukwa manambala akuluakulu a pa wotchi ya ku UK ndi mamailosi. Dalaivala wosazolowera akaona singano pa 50 pakati pa tireding'i senta amakhala akuthamanga 80.

Kutopa kwa kudikira kumaposa kwa kugwira ntchito. Tagona msanga, ndalama ya chipinda ikutiwerengetsa masiku.

Lachisanu, Mchinji

Invoyisi yokonzedwa yafika m'mawa. Ejenti walowetsa, chiwerengero chatuluka, mwini wake walipira kudzera ku banki. Ofesala wabwera ndi tochi, wawerenga chasisi ndi nambala ya injini, watsegula makabati onse ndi chipinda cha katundu chakumbuyo, wafananiza ndi mndandanda. Zatha bwino. Madzulo ndithu tinali ndi mapepala otulutsira galimoto m'manja, ndipo ejenti watikumbutsa kusunga bwino zonse zokhudza Customs Clearance Certificate, chifukwa popanda chimenecho ku Road Traffic sakulembetsani.

Kutuluka pa geti kunali kochititsa mantha pang'ono. Galimotoyi ili ndi mchira wautali kuseri kwa matayala akumbuyo, ndipo pokhota mchirawo umaponyedwa kumbali ina. Akabaza amaima pafupi penipeni kuti aone bwino. Mmodzi wa ife watsika n'kuyenda wapansi kutsogolera mpaka titatuluka pagulu. Pa mahampu timadutsa chopingasa ndi pang'onopang'ono chifukwa sitepe ndi paipi yotayira madzi akuda zili pafupi ndi nthaka. Ana amathamangira pambali akukuwa kuti nyumba ikuyenda.

Loweruka, Mchinji: sikelo ndi gasi

Mapepala onse a dzulo palibe limene likunena kulemera kwenikweni kwa galimotoyi, kapena ngati munthu angagonemo usiku n'kudzuka wamoyo. Lero taona zimenezo.

Mkulu wina wogula soya ndi mtedza kunja kwa tauni ali ndi sikelo yoyezera malole. Titamufotokozera wangoti, "Kwezani akulu, lero kulibe mzere," ndipo wakana ndalama, wangopempha kuti akazi ake aone mkati. Tayeza katatu: matayala akutsogolo okha, akumbuyo okha, kenako galimoto yonse, mulibe munthu, thanki ya madzi ili gwa, dizilo atatsala pang'ono kutha. Yonse yakwana makilogalamu 3,080. Ndiye kuti chotsala chonyamula ndi 420 basi. Tiyeni tiwerenge. Thanki ya madzi ya malita 100 ndi makilogalamu 100. Dizilo wa malita 90 ndi pafupifupi 75. Masilinda awiri a gasi a makilogalamu 9, kuphatikiza chitsulo chake, ndi pafupifupi 40. Anthu anayi akuluakulu, 300. Zafika 515, musanaike mbale, zofunda, chakudya ndi zikwama. Galimoto yooneka yaikulu chonchi imadzaza msanga kuposa mmene maso amaonera. Njira yake ndi kuyenda ndi madzi ochepa, malita 20 mwina, n'kukadzaza mukafika, kunyamula silinda imodzi, ndipo ngati apaulendo ali anayi katundu achepe.

Chipinda cha katundu chakumbuyo chimanyenga kwambiri. Kuchokera pa ekiselo yakutsogolo kufika pa yakumbuyo ndi mamita pafupifupi 4. Mukaika katundu wa makilogalamu 100 pa mamita 2 kuseri kwa ekiselo yakumbuyo, ekiseloyo imamva 150, ndipo kutsogolo kumapepuka ndi 50. Chiwongolero chimayamba kuyandama, matayala akumbuyo amapitirira mlingo ngakhale galimoto yonse isanafike pa 3,500. Thumba la chimanga limene wachibale angapemphe kuti mumunyamulire likhale pansi, pakati pa maekiselo, lomangirira.

Kenako gasi. Galimotoyi yabwera yopanda silinda, poti a sitima salola. Tagula silinda ya kuno, koma tisanalumikize tayang'ana kabokosi kake. Gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya, akatayika amatsika pansi n'kudikha ngati madzi. N'chifukwa chake pansi pa kabokosiko pali bowo lotulukira kunja. Lathu tinalipeza litatsekedwa ndi kapeti imene mwini wakale anayala kuti silinda isamalire. Taichotsa. Mabowo ena otere ali pansi pa sitovu ndi pansi pa firiji, ndipo anthu kuno amafulumira kuwatseka poopa fumbi ndi makoswe. Ikani sefa ya waya, koma musatseke.

Regyuleta yake, imene imachepetsa mphamvu ya gasi wochokera mu silinda, ndi yomangirira kukhoma, ya 30 mbar, monga zilili galimoto zambiri za ku Ulaya zomangidwa motsatira muyezo wa zagasi wa EN 1949. Zida zonse za mkati zinapangidwira mphamvu imeneyo. Chimene chimasintha ndi kapaipi kochokera pa silinda kupita ku regyuleta, chifukwa milomo ya masilinda imasiyana dziko ndi dziko. Kakale kanali kolembedwa 2014, kouma, ndipo mapaipi a labala otere amasinthidwa pakatha zaka zisanu. Nati yomangira kapaipiko pa silinda imamangidwa mozungulira kumanzere. Ikakana kulowa ndi dzanja musaikakamize ndi sipanala, musakulunge tepi ya mapulamba, musadule paipi n'kumanga ndi waya. Tinabwera ndi kapaipi koyenera kuchokera kwa ogulitsa zida za gasi, ndipo kalowa bwinobwino.

Tatseka zida zonse, tatsegula silinda, tapaka thovu la sopo pa mfundo iliyonse. Kuseri kwa sitovu thovu layamba kufufuma pang'onopang'ono ngati mphuno ya mwana wa chimfine. Nati inamasuka ndi kugwedezeka kwa ulendo wa ku Namibia. Tamanga, tapakanso, bata. Machesi sayezera gasi, ngakhale mwaona ena akuchita. Titayatsa, lawi la sitovu linali la buluu, lokhazikika. Tazima lawilo ndi kuuzira, batani lili chitsegukire, ndipo patapita kanthawi kochepa tamva kaphokoso kakuti tha, gasi wadzitseka yekha. Kachitsulo kamene kamachita zimenezi kakafa, chitofu chimenecho chisagwiritsidwe ntchito.

Firiji ndi imene inatiopsa. Ndi ya njira zitatu, gasi, 230V ndi 12V. Pa gasi lawi lake linatuluka lachikasu, likuchita mwaye. Titachotsa chivundikiro chakunja tapeza mavu atamanga nyumba yadothi m'kamwa mwa chumuni, mwina pa masiku amene galimotoyi inaima panjira. Lawi losowa mpweya limatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka nyengo ino yozizira. M'kachipinda kakang'ono ngati aka sipatenga nthawi. Tachotsa dothilo ndi kawaya, tapukuta, lawi labwerera mwakale. Alamu ya carbon monoxide imene inali kukhoma masiku ake anatha, deti lake lalembedwa kumbuyo. Taika yatsopano, pamodzi ndi ya utsi. Kunena zoona, ngakhale zonse zitakonzedwa, tinakhala phee kwa kanthawi titayang'ana lawilo, chitseko chili pululu.

Lamulo limene tidzalembe kukhoma kwa obwereka ndi ili: poyenda silinda ikhale yotseka, firiji iziyendera 12V. Lawi la firiji lili kunja kwa khoma, ndipo pa filing'i siteshoni limakhala pafupi ndi mpope wa petulo.

Lamulungu, Mchinji

Tapuma mpaka masana. Mwini malo ogona watilola kulumikiza magetsi pa soketi ya pakhonde. Apa galimoto ya ku UK ilibe vuto, chifukwa ESCOM imapereka 230V pa 50Hz, ndipo masoketi a mkati ndi a mano atatu amakona ngati athu. Ya ku America ndi ya 120V pa 60Hz, ndipo kuilumikiza mwachindunji ndi kuwotcha chaja, firiji ndi zonse. Ya ku South Africa voteji ndi yomweyi, koma masoketi ake ndi a mano obulungira.

Chingwe chikhale cha 2.5 mm², chotambasula chonse, chifukwa chokulunga chimatentha. Tisanalumikize tayeza soketi ya pakhondeyo n'kupeza kuti layivi ndi nyutilo zinasinthanitsidwa, ethi palibe. Popanda ethi, waya ukakhudza bodi, munthu woima pansi wopanda nsapato atagwira chitseko ndi amene magetsi amadutsamo. Tauza mwini wake mwaulemu, wathokoza, tasamukira pa soketi ya kukhitchini imene inali bwino. Mkati mwa galimoto muli RCD ya 30 mA, imene imathimitsa magetsi yokha akayamba kudutsa posayenera, monga m'thupi la munthu. Tadina batani lake loyesera, yathima nthawi yomweyo, monga iyenera. Batire la nyumba, losiyana ndi la injini, likuwerenga 12.1V litapuma, pamene lodzaza limakhala cha pa 12.7V. Tilitchaja usiku wonse tione. Fyuzi yake ili pafupi ndi batire penipeni, pamalo pake. Magetsi akathima chotsani pulagi, mudzabwezeretse atabwera n'kukhazikika.

Thanki ya madzi taitsuka ndi klorini n'kutaya kawiri. Zam'chimbudzi ndi madzi akuda zizitayidwa m'chimbudzi chokumba, kutali ndi chitsime ndi dambo, chifukwa kumeneko n'kumene anthu a m'mudzi amatunga.

Lolemba, Lilongwe

Tasintha mafuta a buleki m'mawa pa galaja ina ya pa boma, kenako tatsika ndi M12, makilomita oposa pang'ono 100, kudutsa Kamwendo ndi Namitete. Thiraki ikadutsa, mphepo yake imakankha khoma lalitalili ngati tanga, ndiye manja onse awiri akhale pa chiwongolero.

Za kuno n'zodziwika kwa aliyense amene analembetsapo galimoto yochokera kunja: chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti si yobedwa, khadi ya mwini wake ya ku Road Traffic, kulowetsa mu MalTIS, kompyuta ya ku Road Traffic, kuyeza COF, kenako mapleti. Pa COF amayang'ana mabuleki, nyali, chiwongolero, matayala, mawayipa, hutala ndi malamba. Amaiona ngati galimoto. Za kukhitchini ndi ku firiji zija zimatsalira mwini wake. Sizinathe tsiku limodzi, tagona kwa achibale ku Area 25.

Lachitatu, Lilongwe mpaka Kasungu

Mapleti amangidwa, disiki yamatidwa pagalasi. Tathira dizilo pa siteshoni ya denga lalitali, titayamba taona kapepala ka 2.95 kaja. Injini iyi ili ndi DPF, sefa yogwira mwaye, imene inapangidwira dizilo wa ku Ulaya wa salfa wosapitirira 10 ppm. Sefayi imadziyeretsa yokha galimoto ikathamanga mtunda wautali injini itatentha, koma maulendo afupiafupi ndi dizilo wa m'zigubu za pamsewu zimaitseka. Tagula mafyuluta a dizilo awiri a sipeya.

Lumbadzi, Mponela, Madisi. Pa Mponela taima kugwira matayala ndi mahabu ndi dzanja, onse ofunda mofanana, palibe lotentha kuposa linzake. Tamanganso manati a mawilo, poti matayala atsopano akayenda pang'ono manati amafuna kuonedwanso. Tadya tchipisi cha pachiwaya titaimirira, wogulitsa akufunsa ngati mkatimo mulidi bafa. Tawoloka Bua dzuwa litapendeka, ndipo kuyambira pa Chinkhoma tayenda 60 basi chifukwa cha njinga zopanda nyali ndi ngolo zobwerera kumudzi.

Talowa m'tauni ya Kasungu kutada. Pa geti la mwini wake pali nthambi ya mango imene tepi yasonyeza kuti ili pa mamita 2.7, ndiye galimoto yagona panja pa mpanda, mlonda atakhala pambali pake. Nthambiyo idulidwa mawa m'mawa. Tikatero tidzayendera kaye msewu wa ku Lifupa pa galimoto yaing'ono, tepi ili m'manja, kuyeza nthambi, mawaya otsika ndi malo amene mvula inakumba, tisanalole kuti mchira wautaliwu upite kumeneko.